Zimene woimba piyano amakaphunzira kumsonkhano wa aphunzitsi a zoimbira za nsambo

Tsiku limene ndinatsika minibasi pa Kamuzu Road ku Salima nditabereka chelo kumsana, mwana wa mchemwali wanga amene anabwera kudzandichingamira anayang'anitsitsa chikwama chachitalicho, kenako anafunsa kuti, "Amalume, gitala yaikulu chonchi mumaiimba mutaima kapena mutakhala?" Funso limeneli ndinalizolowera, ndipo kawirikawiri limatsatana ndi lina lakuti munthu amene si mphunzitsi wa nyimbo, amenenso amadyera ntchito ina, amakatani kumsonkhano wa aphunzitsi. Ine piyano ndi kiyibodi ndinayamba ndili mnyamata, ndipo ndimaimbira kwaya ya kutchalitchi kwathu, koma chelo ndinaigwira koyamba nditakula kale, mongoikonda basi. Ulendo umenewu ndinkachokera kunja kwa dziko, kumene ndinakhala masiku atatu pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa zoimbira za nsambo zolizidwa ndi uta.

Chelo ndi imodzi mwa zoimbira zinayi za banja limodzi, zomwe ndi vayolini, viyola, chelo ndi besi yaikulu. Maonekedwe a vayolini ndi chelo anakhazikika kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1500, makamaka mumzinda wa Cremona kumene kunali mmisiri Andrea Amati, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sanasinthe kwenikweni. Chelo ili ndi nsambo zinayi, C, G, D ndi A, kuyambira yaikulu ya liwu lamanzenene kufika yaing'ono. Woimba amakhala pampando, thupi la chelo lili pakati pa mawondo, kachitsulo kosongoka ka kunsi kwake katazikika pansi. Dzanja lamanzere limadina nsambo pakhosi la chelo, lamanja limakhwekhweza uta umene umakhala ndi ubweya wa kumchira kwa kavalo, wopakidwa utomoni wouma wa mtengo wa paini. Amene anaonapo kaligo akulizidwa adziwa kale zimene ndikunena, popeza nzeru yake ndi imodzi: nsambo, uta, ndi chibekete chokuza mawu.

Misonkhano ya aphunzitsi a zoimbira zimenezi si yachilendo. Ku America bungwe lawo la American String Teachers Association linakhazikitsidwa mu 1946, pamene ku Ulaya la European String Teachers Association linayamba mu 1972, ndipo mabungwe onsewa amakumana chaka ndi chaka. Munthu akamva za msonkhano wa oimba amaganiza za chionetsero, koma zochitika zambiri kumeneko n'zosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Mphunzitsi amaitana mwana kutsogolo ndi kumuphunzitsa anzake akuonerera, ndipo akamaliza anzakewo amamufunsa chifukwa chimene anayambira kukonza chigongono m'malo mwa chala. M'chipinda china aphunzitsi a imvi, ena a iwo akatswiri enieni, amakhala akuliza nsambo imodzi yosadina kwa mphindi zambiri ngati ana a sitandade wani, kuti amve m'thupi mwawo chimene mwana amamva. M'makonde mumakhala ogulitsa nsambo, utomoni ndi mabuku, komanso amisiri okonza zoimbira. Kumene ndinapita ine, munthu woimba mongokonda ankaloledwa kulowa akalipira ndalama ya msonkhano, ndipo ndinazindikira msanga kuti aphunzitsi amasangalala naye munthu wotere, chifukwa zolakwa zake ndi zenizeni, si zongoyerekeza.

Chimene ndinabwera nacho kuchokera kumeneko ndi kuzindikira kuti piyano inandilera ngati mwana wopatsidwa nsima yophikaphika. Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo liwu la kiyi iliyonse linakonzedwa kale ndi amene anaichuna. Mwana wa zaka zitatu akadina kiyi ya A, imatulutsa liwu lofanana ndendende ndi limene katswiri angatulutse pa kiyi yomweyo. Pa chelo palibe zimenezo. Khosi lake ndi losalala, lilibe timizere tachitsulo ngati ta gitala, kotero kuti liwu lililonse woimba amachita kulifuna yekha ndi chala, khutu likumulondolera. Nsambo ya chelo yaikulu imatalika masentimita pafupifupi 69, ndipo kumtunda kwa khosi, kumene oyamba amaphunzirira, mtunda wochokera pa liwu lina kufika pa loyandikana nalo, monga mi ndi fa, ndi masentimita pafupifupi 4. Chala chikasuntha mamilimita asanu okha, khutu lozolowera limamva kuti liwu laphonyeka. Komanso mitunda imeneyi imanka nichepa dzanja likamatsikira kumlatho, kathabwa kamene kamanyamula nsambo chakumunsi kwa chelo, motero sizitheka kuloweza muyeso umodzi n'kuugwiritsa ntchito paliponse.

Apa pali nkhani yozama imene inandisowetsa tulo usiku woyamba. Liwu ndi kunjenjemera kwa nsambo, ndipo A amene oimba ambiri amachunira amanjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Nsambo ya A ya chelo imanjenjemera theka la pamenepo, ka 220. Mawu awiri amamveka ogwirizana bwino pamene kunjenjemera kwawo kukugawika mosavuta: do wapansi akanjenjemera kamodzi, do wapamwamba amanjenjemera kawiri, do akanjenjemera kawiri, so amanjenjemera katatu, do akanjenjemera kanayi, mi amanjenjemera kasanu. Kwaya yabwino yoimba popanda choimbira imadzipezera yokha mgwirizano umenewu pa mawu otalika a kumapeto kwa nyimbo, ndipo ndi chifukwa chake nthawi zina mawu a tenala ndi a besi amamatirirana mpaka tsitsi kuima. Vuto ndi lakuti masamu a mgwirizano wotere sakwanirana m'makiyi onse oimbiramo nyimbo. Munthu akayamba pa do n'kumakwera masitepe a do mpaka so kokwana ka 12, amayembekezera kubwerera pa do weniweni, koma amapitirira pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wa mi ndi fa. Choimbira chimene mawu ake ndi okhazikika sichingathawe vuto limeneli, choncho ochuna piyano amagawa mtunda wa do ndi do m'zigawo 12 zofanana, n'kumwaza kacholakwa kaja ponseponse. Tikagawa chigawo chimodzi m'tizidutswa 100, so wa piyano amaperewera ndi tizidutswa tiwiri, pamene mi wake amapitirira ndi tizidutswa pafupifupi 14. Kunena mosapita m'mbali, piyano yochunidwa bwino kwambiri imakhala yophonya pang'ono paliponse, mwadala, kuti izitha kuimba m'kiyi iliyonse.

Zaka zonse zimene ndinkaimbira kwaya ndinkakhulupirira kuti kiyibodi ndiyo imanena zoona, ndipo anthu a alito akasiyana nayo ndinkawabweza mwaukali. Tsopano ndikuganiza kuti nthawi zina khutu lawo linkatsata mi wachibadwa uja, wotsikirapo pang'ono, ine n'kumawakokera kwa mi wa makina. Sindikunena kuti nthawi zonse ankalondola, popeza kwaya yotopa imangotsika basi, koma ndinasiya kuweruza mofulumira. Woimba chelo amakumana ndi nkhaniyi ngakhale asanadine chala. Akatenga A wake ku piyano, n'kuchuna D, G ndi C motsatizana pomvetsera kuti nsambo ziwiri zoyandikana zisamamveke kugundana kwa wa-wa-wa, nsambo yake ya C imathera tizidutswa pafupifupi 6 kunsi kwa C wa piyano. Aphunzitsi ena amalangiza kuti poimba ndi piyano woimba akwezeko pang'ono nsambo ziwiri zazikuluzo. Pablo Casals, katswiri wa chelo wa ku Catalonia m'dziko la Spain amene anabadwa mu 1876 n'kumwalira mu 1973, ankapita patali kuposa apa, chifukwa ankaphunzitsa kuti liwu lizisendezedwa pang'ono kulowera kumene nyimbo ikupita, mwachitsanzo ti aziyandikira kwambiri kwa do.

Komabe aphunzitsi ambiri amene ndinawamvera ankathera nthawi yochuluka pa dzanja lamanja kusiyana ndi lamanzere, ndipo poyamba zinandidabwitsa. Uta suseseleka pa nsambo monga maso amaonera. Utomoni umachititsa ubweya kugwira nsambo n'kuikoka, nsamboyo ikakungika imapulumuka n'kubwerera, ubweya n'kuigwiranso, ndipo pa nsambo ya A zimenezi zimachitika ka 220 pa sekondi. Wasayansi Hermann von Helmholtz wa ku Germany ndi amene anafotokoza kayendedwe kameneka m'zaka za m'ma 1860. Kuti kugwira ndi kupulumukaku kuchitike mwadongosolo, zinthu zitatu ziyenera kumvana: liwiro la uta, kulemera kumene mkono ukuika pa uta, ndi malo amene uta wakhudza nsambo. Pafupi ndi kamlatho kamene kamanyamula nsambo, uta umafuna kulemera kwambiri ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mawu amatuluka okhuthala. Kutali ndi kamlathoko umafuna kupepuka ndi liwiro, ndipo mawu amakhala ofewa. Munthu akapanikiza kwambiri koma osayenda, chelo imalira ngati chitseko cha mahinjesi adzimbiri. Akathamanga wopanda kulemera, imangoimba mluzu.

Pa tsiku lachiwiri mphunzitsi wina, mayi wachikulire, anapempha munthu wamkulu amene anayamba mochedwa kuti apite kutsogolo, ndipo ine ndinadzipereka mtima ukugunda. Anandiuza kuti ndilize nsambo ya D yokha, uta wonse, osadina kanthu. Ndisanafike pakati anandiimitsa n'kufunsa ngati ndimaimba piyano. Nditavomera, anthu anaseka, popeza iwo anali ataona kale. Mayiyo anafotokoza kuti pa piyano kanyundo kamamenya nsambo kamodzi, liwu n'kuyamba kuzilala pompo, motero woimba amazolowera kuika mtima wonse pa chiyambi cha liwu, kenako maganizo amathamangira ku liwu lotsatira. Ine ndinkachita chimodzimodzi ndi uta: ndinkaluma nsambo poyamba, kenako mkono n'kumangoyenda wopanda mwini. Anandigwira chigongono n'kunena kuti ndimusiyire mkono wonse ngati wafa dzanzi. Zinanditengera kanthawi kuti ndileke kuunyamula, ndipo phewa litatsika, iye n'kuyendetsa mkonowo, chelo yanga yomwe ija inatulutsa liwu limene ndinali ndisanalimvepo, lomveka mpaka m'chifuwa. Anandionetsanso kuti chala changa chachikulu cha kumanzere chinali chitayera ndi kufinya khosi la chelo, ngati munthu wogwira nkhuku yofuna kuthawa. Akuluakulu, iye anatero, amamvetsa msanga ndi mutu koma thupi lawo limaopa kulakwa, ndipo mantha amenewo amakhala m'mapewa, m'nsagwada ndi m'chala chachikulu.

Zimene ankachita mayiyu zili ndi mizu yake. Paul Rolland, mphunzitsi wa vayolini amene anabadwira ku Hungary mu 1911 n'kukaphunzitsa ku University of Illinois, anachita kafukufuku kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pa mmene thupi lonse limayendera poimba, ndipo anajambula mafilimu osonyeza ana akugwedezeka, akusuntha kulemera kwa thupi kuchokera ku mwendo wina kupita ku wina, akuyendetsa mkono mozungulira asanayambe kuvutika ndi manotsi. Mfundo yake inali yakuti kuuma kwa thupi n'kosavuta kukupewa pachiyambi kusiyana ndi kukuchotsa pambuyo pake. Dzina lina limene limamveka m'chipinda chilichonse ndi la Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene anabadwa mu 1898 n'kumwalira mu 1998, mwana wa mwini fakitale ya mavayolini ku Nagoya. Iye anaona kuti mwana aliyense amalankhula bwino chinenero cha makolo ake popanda kuyesedwa ngati ali ndi luso, chifukwa amachimva tsiku ndi tsiku, amabwereza, ndipo akuluakulu amamulimbikitsa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha anayamba kuphunzitsa motere ku Matsumoto: ana amayamba ali ndi zaka zitatu kapena zinayi pa tizoimbira ting'onoting'ono, kholo limakhalapo pa phunziro lililonse, nyimbo amaimvetsera kunyumba kambirimbiri asanaiimbe, ndipo kuwerenga manotsi kumabwera pambuyo. Otsutsa njirayi amati ana ena amakula akuimba bwino koma akulephera kuwerenga nyimbo yatsopano, ndipo kumsonkhano kuja mtsutso umenewu unali udakali wamoyo, ngakhale kuti aphunzitsi ambiri a njira ya Suzuki masiku ano amayambitsa kuwerenga msanga.

Njira imene inandigwira mtima kwambiri ndi ya Colourstrings, imene Géza Szilvay, mbadwa ya ku Hungary, anayambitsa ku Helsinki m'dziko la Finland m'zaka za m'ma 1970, mchimwene wake Csaba akuikonza kuti izigwiranso ntchito pophunzitsa chelo. Nsambo iliyonse imapatsidwa mtundu wake kuti mwana ayambe kuwerenga mosavuta, koma maziko ake ndi kuimba ndi pakamwa: mwana aziyamba waimba do re mi, azimva liwulo m'mutu, kenako chala chikalifune. Anatengera zimenezi kwa Zoltán Kodály, wopeka nyimbo wa ku Hungary, amenenso anabwereka zambiri ku tonic sol-fa, njira ya do re mi ya John Curwen wa ku England, yomwe ija amishonale anabwera nayo kuno, imene makwaya athu ambiri amalembera nyimbo mpaka lero. Ndinakhala pansi ndikumvetsera aphunzitsi akudandaula kuti ana awo safuna kutsegula pakamwa kuimba, ndipo ndinakumbukira ana a Sande sukulu kwathu amene amagawana okha mawu atatu popanda wowauza. Chimene aphunzitsi akumeneko amayamba achivutikira kumanga, ana ambiri a m'mbali mwa nyanja muno amakhala nacho kale. Ndili mwana kwa agogo ku Nkhotakota ndinkaona bambo wina wokalamba akuliza kaligo pakhonde madzulo. Khosi la kaligo wake linalibe chizindikiro chilichonse, zala zinkangokhudza nsambo, ndipo ankatsata liwu la pakamwa pake osaphonya. Nthawi imeneyo sindinkaona chodabwitsa. Lero ndikudziwa kuti ankachita chimene ine ndikulimbana nacho m'mawa uliwonse.

Sindikufuna kukokomeza, chifukwa khutu palokha silimaliza ntchito. Woimba chelo amene sawerenga manotsi a pamizere isanu sangakhale m'gulu la okestra, ndipo chelo imalembedwa m'zizindikiro zitatu zosiyana za kumayambiriro kwa mizereyo malinga ndi kukwera kwa mawu, pamene wa piyano amazolowera ziwiri. Chachitatucho, cha tenala, chimandizunguza mutu mpaka pano.

Upiyano wanga unagwiranso ntchito kumeneko m'njira imene sindinaiyembekezere. Pa phunziro lina panasowa woperekeza ana ndi piyano, ndipo ndinakhala pampandopo. Kutchalitchi kiyibodi ndi imene imatsogolera, mpingo n'kumatsatira, koma apa zinatembenuka. Woperekeza amapereka A wochunira, kenako amayang'ana uta wa mwana ndi kapumidwe kake kuti ayambire limodzi, ndipo mwana akadumpha mzere, woperekeza amadumpha naye mwakachetechete. Chovuta china ndi chakuti mawu a chelo amakhala pamalo amodzi ndi a dzanja lamanzere la piyano, motero woperekeza wosasamala amaikwirira chelo osadziwa, makamaka akamapondereza pedulo yotalikitsa mawu. Vayolini imauluka pamwamba pa piyano, koma chelo imachita kupatsidwa njira.

Tsiku lomaliza linali la kuphunzitsa ana m'magulu, nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife amene sitingakwanitse mphunzitsi mmodzi pa mwana mmodzi. Ku Venezuela, José Antonio Abreu anayambitsa El Sistema mu 1975, kumene ana amaphunzira ali kale m'gulu, wamkulu akuthandiza wamng'ono. Ku Soweto, Rosemary Nalden anakhazikitsa gulu la Buskaid mu 1997, ndipo ena mwa ana amene anaphunzira kumeneko anadzakhala aphunzitsi a anzawo. Ku Kinshasa, Armand Diangienda anayambitsa gulu la okestra la Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994 ndi anthu ambiri amene ankagwira ntchito zina masana, ndipo zoimbira zitasowa anayamba kupanga zawo, nthawi zina n'kuika waya wa mabuleki a njinga m'malo mwa nsambo yoduka, monga amachitira anyamata athu opanga mabanjo ndi babatoni. Zitsanzo zimenezi zinandionetsa kuti chotchinga chachikulu kuno si ana ayi, koma zoimbira ndi ozisamalira. Mwana amakula, motero amafunika kusintha chelo kuchokera pa ya kota, kupita pa ya theka, pa ya makota atatu, mpaka yaikulu, ndipo gulu lopanda mmisiri limasanduka nkhokwe ya matabwa osalira pakangopita zaka zochepa.

N'chifukwa chake maola anga otsiriza ndinawathera pa tebulo la mmisiri wokonza zoimbira, ndikumufotokozera nyengo ya ku Salima. Chelo imapangidwa ndi matabwa opyapyala, kutsogolo a mtengo wa spruce, kumbuyo ndi m'mbali a maple, omatidwa ndi guluu wa zikopa amene amasankhidwa mwadala kuti matabwa akakokana, msoko uzimatuka m'malo moti thabwa ling'aluke. Amisiri amalangiza kuti chinyezi cha mumpweya chizikhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti, koma kwathu dzinja limabwera ndi chinyezi cha kunyanja, kenako Okutobala n'kuumitsa chilichonse. M'dzinja zikhomo zokungira nsambo zimafufuma n'kukana kuzungulira, ubweya wa uta umatalika n'kulefuka. M'chilimwe zikhomo zomwezo zimapulumuka zokha usiku. Anandichenjeza kuti msoko ukamatuka ndisayerekeze kuthirapo guluu wa m'golosale, popeza ameneyo samatukanso ndipo mmisiri wodzakonza adzachita kuswa thabwa. Anandiuzanso kuti ndisamasule nsambo zonse zinayi nthawi imodzi, chifukwa mkati mwa chelo muli kamzati kakang'ono kosamatidwa, kamene kamaima chifukwa cha kupanikiza kwa nsambo basi, ndipo kakagwa pamafunika chitsulo chapadera ndi dzanja lozolowera kuti kaimikidwenso. Anthu a ku France amakatchula kamzatika kuti mzimu wa choimbira, popeza kakasuntha pang'ono chabe mawu onse amasintha. Uta nawo ukakhala nthawi yaitali m'chikwama chotseka, tizilombo timadya ubweya wake, choncho chelo yoimbidwa tsiku ndi tsiku imasungika bwino kuposa yobisidwa pansi pa bedi.

Loweruka lotsatira ndinapita nayo chelo kokonzekera nyimbo za kwaya. Ndinazimitsa kiyibodi, ndinaliza nsambo ya G yosadina kwa nthawi yaitali, n'kupempha a besi kuti aimbe do pa liwu limenelo, a tenala so, a alito mi. Poyamba panamveka kugundana kuja kwa wa-wa-wa, kenako amayi a alito anatsikirako pang'ono okha popanda wowauza, mawu onse n'kukhala bata. Atsogoleri a kwaya, bambo amene anandiphunzitsa do re mi ndili wamng'ono, anatembenuka n'kunena kuti, "Mwana wanga, taiyatsaninso kiyibodi ija timve." Ndinadina G, B ndi D, ndipo B wa kiyibodi anamveka ali pamwamba pang'ono pa amayi aja.